Funsani Amalume Ojambula: kamphaka ka pa N12 kaja si ka m'nyumba ayi

Mwezi uno makalata a maukwati ndi ma graduation ndayamba ndawaika pambali, chifukwa pabwera chithunzi chimodzi chomwe chandikhazika pa kompyuta mpaka usiku, ndipo ena atatu afunsanso za amphaka a kutchire. Tiyambe ndi mwini chithunzi.

Funso: Amalume, ine ndimayendetsa thiraki, timapakira ku City Deep nkumapita ku Cape Town kudzera msewu wa N12. Sabata yatha cha m'ma 2 koloko usiku ndinaima pakati pa Kimberley ndi Hopetown kuti ndione matayala, nde nditawalitsa tochi cha ku waya wa famu ndinaona maso awiri pansi penipeni akuwala, ndinajambula pa foni zithunzi zitatu, chooneka bwino ndi chimodzi ndakutumiziranicho. Mayi a kunyumba akuti ndi mphaka wamba wothawa pa famu, anzanga ena ku tchalitchi akuti ndichifufute, mphaka wokuyang'ana usiku pakati pa tchire si wabwino. Koma ine kanandisangalatsa. Ndi chani chimenechi? — Dalaivala, Turffontein

Yankho: Achimwene, musafufute. Chisungeni, ndipo mukachitumizenso ku imelo yanu kuti foni ikatayika chisapite nayo.

Ndachikuza pa kompyuta nkuchiyang'ana kwa nthawi ndithu. Chili ndi chibwibwi cha usiku inde, udzu wakutsogolo ndi umene waoneka bwino kuposa nkhope, koma zizindikiro zonse zilipo. Taonani pakhosi, pali mizere yakuda yopingasa ngati kavala mikanda. Thupi lonse ndi madontho akuda bii pa ubweya wofiirira ngati udzu wouma, miyendo yaifupi yokhala ndi mizere yokhuthala, mutu waukulu poyerekeza ndi thupi, makutu otalikirana ndiponso otsika. Nde mchirawo, waufupi, nsonga yake yakuda. Mphaka wa m'nyumba mchira wake umakhala wautali, vumbwe naye mchira wautali, miyendo yaitali, kuseri kwa makutu kofiira, madontho ake osaoneka kwenikweni. Chomwe munajambula inuyo ndi black-footed cat, asayansi amati Felis nigripes, ndipo amene anayamba kukalemba m'mabuku ndi William Burchell mu 1824. Kwathu ku Malawi kulibe, nchifukwa chake sitinakapatse dzina. Kwawo ndi kuno ku South Africa, Namibia ndi Botswana, malo ouma a udzu waufupi ngati Karoo ndi m'mbali mwa Kalahari. Anthu olankhula Afrikaans amakatchula miershooptier, kutanthauza kambuku wa pa chulu, chifukwa masana kamagona m'zulu zakale za chiswe kapena m'mauna osiyidwa ndi kanyama kena kotchedwa springhare, kodumpha ndi miyendo yakumbuyo.

Dzina lachingerezilo lisakusokonezeni, phazi lonse si lakuda ayi, chakuda ndi kunsi kokha komwe kamapondera. Kuti muone pamenepo ndiye kakhale kakuthawa.

Ndi kamphaka kakang'ono kuposa amphaka onse a kutchire mu Africa muno. Kakakazi kamalemera pafupifupi 1.3 kg, kakamuna pafupifupi 2 kg, tingoti paketi imodzi kapena awiri a shuga basi. Koma pa nkhani yosaka, achimwene, apa mpamene ine ndimakavulira chipewa. Wofufuza wina dzina lake Alexander Sliwa anayamba kutsata timphaka timeneti pa famu ya Benfontein pafupi ndi Kimberley mu 1992, kutiveka tizipangizo ta wailesi pakhosi nkumatilondola usiku wonse pa galimoto. Anapeza kuti pa maulendo 10 alionse amene kayesa kugwira nyama, pafupifupi 6 kamagwiradi. Mkango ndi ukulu wake wonse uja umagwira kamodzi pa maulendo 4 kapena 5. Usiku umodzi wokha kamapha tinyama 10 mpaka 14, mbewa, mbalame zogona pansi, ziwala, ndipo kamadya zolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lake. Kamayenda makilomita 8 usiku umodzi, nthawi zina kupitirira, ndi timiyendo timeneti. Madzi sikasowa kumwa kawirikawiri, kamapeza mu nyama yomwe kadya.

Ife tinakulira kumudzi nkhani ya mbewa timaidziwa, khasu, utsi, kutseka mbuli, dzuwa likuswa mtengo. Nde kamphaka aka kali ndi njira zake zitatu. Pena kamathamanga mu udzu kudzidzimutsa chilichonse chobisala. Pena kamanyang'ama pang'onopang'ono mimba ikukhudza pansi, phazi limodzi limodzi. Pena kamangokhala pa khomo la una phee, mpaka maola awiri, maso otsinzina makutu okha akugwira ntchito, mbewa ikangosuzumira basi zathera pomwepo. Ndikaganiza zimenezi ndimakumbuka agogo anga ku Dedza mmene ankakhalira pa una osatekeseka ife ana titatopa kale.

Za anzanu a ku tchalitchi, sindikuwanyoza, tonse tinakula tikumva kuti mphaka kapena kadzidzi wa usiku watumidwa. Koma taganizani, inuyo ndi amene munaima pakhomo pake nkukawalitsa tochi kumaso. Kanakuyang'anani chifukwa kamafuna kudziwa ngati ndinu nkhandwe, poti nkhandwe ndi caracal (mphaka wina wa kutchire wokulirapo, wofiirira) zimapha timphaka timeneti, ndipo tiana take timatengedwanso ndi akadzidzi akuluakulu. Mantha anali kwa iko osati kwa inu. Bungwe la dziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linakaika pa gulu la nyama zomwe zili pa chiopsezo kuyambira 2002, ndipo pa kuwerengera kwa 2016 akuluakulu otsala sankafika 10,000 dziko lonse lapansi. Poizoni amene alimi ena amatchera nkhandwe, ziweto zochuluka zomaliza udzu, agalu, magalimoto a usiku ngati anuwo, kuchepa kwa ma springhare okumba mauna, zonsezi zikukapanikiza. Pali azungu amene amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzafuna kamphaka kameneka nkubwerera osakaona. Inu mwakaona mukuyang'ana matayala. Mayi a kunyumba muwaonetse mchirawo ndi mikanda ya pakhosiyo, avomera.

Funso: Amalume ine ndimakonda kujambula, ndili ndi Canon yakale yomwe abwana anga anandipatsa ndi lens ya 70-300, komanso foni. Ndikufuna ndidzajambule nyama usiku koma zithunzi zanga zimatuluka zakuda kapena maso okhaokha oyera ngati mababu. Ndikulakwitsa pati? Nanga kamphaka kosowako ndingakapeze kuti? — Nachisale, Midrand

Yankho: Achemwali, kamera imeneyo ikukwanira, musathamangire kugula ina.

Maso oyerawo ayambe. Kuseri kwa diso la mphaka kuli kachigawo konyezimira kotchedwa tapetum lucidum, kamabweza kuwala ngati galasi kuti mphaka aziona bwino mumdima. Nde kuwala kukachokera pafupi ndi lens, monga fulashi ya pamwamba pa kamera kapena ya foni, kumapita m'diso nkubwerera molunjika kwa inu, mababu aja. Mankhwala ake ndi oti tochi agwire munthu wina, atalikirane nanu ngakhale mita imodzi kapena awiri cha kumbali, ndipo asalunjike pankhope, aunike pansi patsogolo pa nyamayo kuti kuwala kwa m'mphepete ndi kumene kukafike pathupi. Fulashi muzimitse kaye. Kanyama kamene kamadalira maso kuti kadye usiku umenewo, kukathira fulashi kumaso kakhumi motsatizana si chilungamo. Ngati tochi yanu ili ndi kuwala kofiira, funafunani ndi kofiirako, yoyera muyatse pa nthawi yojambula yokha.

Zakudazo ndi nkhani ya ma setting. Ikani pa M (manual, pomwe mumasankha nokha ma setting), tsegulani lens mpaka pomwe imathera, pa 300mm yanuyo ndi f/5.6, shutter ikhale 1/200 kapena 1/250, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) muikweze osaopa, 3200 ngakhale 6400. Chithunzi chikhala ndi timchenga inde koma timchenga timachepetsedwa pa kompyuta, pomwe chithunzi chogwedera sichichira. Focus muike kadontho kamodzi ka pakati nkukalozetsa pa diso, mukaisiya kuti isankhe yokha idzagwira udzu, ndi zimene zinawachitikira achimwene a thiraki aja. Injini ya galimoto izime. Lens muitsamiritse pa windo, pansi pake muike kathumba ka mpunga kapena nyemba, ine ndimagwiritsa ntchito sokosi yodzaza mpunga ndipo imagwira bwino zedi. Jambulani RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona kuti mudzakonze pa kompyuta, ngati kamera ikulola. Pa foni, musakoke ndi zala kuti muyandikitse, zimangophwanya chithunzi, bola kujambula vidiyo kenako nkudzatengamo chithunzi pamene kanaima. Night mode imathandiza pokhapokha nyama itaima chilili.

Ndikuuzeni mmene zinandiyendera ine. Ndinapita ku Kimberley mwezi wa July, pafupifupi makilomita 480 kuchokera ku Johannesburg, msewu womwewo wa N12 kudutsa Potchefstroom, Klerksdorp, Bloemhof, Warrenton. Kumeneko kuli malo ngati Marrick Safari odziwika ndi maulendo a usiku pa galimoto yotseguka, mumalipira nkukwera ndi munthu wodziwa malowo. Kuzizira kwake si kwa ku Dedza kapena ku Mzuzu ayi, kumatsika pansi pa madigiri 0, zala zimauma moti batani la kamera simulimva, mabatire amatha msanga nde muziwasunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi. Usiku woyamba tinaona ma springhare ambirimbiri, nkhandwe za makutu akuluakulu zija, nungu, kamphaka ayi. Usiku wachiwiri chimodzimodzi. Ndinagona ndi mtima wolemera poganiza ndalama ya petulo ndi masiku omwe ndinasiya ntchito. Usiku wachitatu cha m'ma 10 koloko woyendetsa anangozimitsa injini osalankhula, nkuloza ndi chibwano. Maso awiri, pansi kwambiri kuposa a nyama zina zonse tinaona, ndipo samadumphadumpha ngati a springhare. Kanali pafupi ndi chulu chogumuka, mamita ngati 20. Kanagona pansi kuphwatalala, makutu nkuwatsitsira m'mbali mpaka mutu kuoneka ngati mwala. Tinadikira. Ine chala chili pa batani, mtima uli thithithi, koma woyendetsa anandigwira mkono kuti ndisayambe. Patapita mwina mphindi 5 kanadzuka, nkunyambita phazi lakutsogolo, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona kunsi kwakuda kuja ndi maso anga. Kenako kanatembenuza khutu limodzi kumanzere, thupi lonse nkutsatira khutulo, ndipo kanalowa mu udzu osagwedeza ngakhale tsamba. Ndinajambula zithunzi 40 ndi kanthu, zabwino zinatuluka ziwiri. Chimodzi chili pakhoma pa studio yanga ku Rosettenville pamwamba pa zithunzi za maukwati, makasitomala amafunsa kuti mphaka wanuyu dzina lake ndani.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ndikanayamba kuthethetsa kamera pamene kanaphwatalala paja ndikanabwera ndi chithunzi cha kanyama ka mantha, kenako kakanathawa. Mukaona makutu atsika, dikirani. Mukaona kasiya kusaka chifukwa cha inu, zimitsani tochi muzipita. Osatsika galimoto kukathamangitsa, osaliza mawu a mbewa pa foni kuti kabwere, osayandikira una womwe kalowamo poti mwina muli ana.

Musanawononge ndalama ya ulendo, yambani mwaphunzira pa amphaka a pa yadi pomwe mukukhalapo, madzulo kukamada, wina akugwirireni tochi. Mukatha kujambula diso la mphaka wa aneba likuoneka mtundu wake weniweni usiku, ndiye mwakonzeka. Nyengo yabwino ndi yozizira, June mpaka August, udzu umakhala waufupi.

Funso: Ndimagwira ntchito ya kontirakiti ku Secunda, kunyumba ndi ku Germiston. M'mawa wina tikupita ku shift tinaona chimphaka chachitali cha madontho chikuyenda m'mbali mwa dambo pafupi ndi fakitale. Anzanga akuti ndi mwana wa nyalugwe. Zoona? — Mbewe, Germiston

Yankho: Ayi mphwanga, imeneyo ndi njuzi, yomwe ija ya kwathu, pachingerezi serval. Ku Nyika iliko, ku Liwonde iliko, ndipo ambiri tinayamba kuona chikopa chake pa ovina ingoma tisanaione yamoyo. Mwana wa nyalugwe amakhala wojintcha, miyendo yonenepa, mchira wautali, madontho ake ozungulira ngati maluwa. Njuzi ndi yowonda, miyendo yaitali kuposa mphaka wina aliyense poyerekeza ndi thupi, kamutu kakang'ono, makutu akuluakulu okhala ndi banga loyera kuseri, mchira waufupi. Makutuwo imamvera mbewa zoyenda mu udzu, kenako imadumpha m'mwamba nkutera pa mbewayo ndi mapazi akutsogolo.

Ndipo mwaiona pamalo pake penipeni. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018, wogwiritsa ntchito makamera otchera m'tchire, anapeza kuti malo ozungulira fakitale ya Sasol ku Secunda ali ndi njuzi zothithikana kuposa kwina kulikonse komwe anawerengako, pakati pa 76 ndi 101 pa masikweya kilomita 100 alionse. Chifukwa chake ndi madambo odzaza mbewa, mpanda woletsa anthu ndi ziweto kulowa, komanso kulibe zilombo zikuluzikulu zoipikisana nayo. Kujambula kwake nkosavuta kuyerekeza ndi kamphaka ka ku Kimberley chifukwa imayenda m'bandakucha ndi madzulo kukadali kowala. Koma chonde funsani kaye malamulo a pa ntchito panupo, malo a fakitale ambiri salola kujambula, musataye ntchito chifukwa cha chithunzi. Mukaiona muli kunja kwa mpanda, dikirani iime nkuloza makutu pansi, pamenepo yatsala pang'ono kudumpha.

Funso: Amalume pali munthu wina akugulitsa kamwana ka mphaka wa kutchire, akuti kanatoledwa pa famu ku Free State mayi ake atakasiya. Ndi kokongola, ana anga akakonda pa chithunzi chomwe ndakutumiziranichi. Kodi kangakhale m'nyumba ngati mphaka wamba? — Mayi wa ana awiri, Rosettenville

Yankho: Mayi, musagule, ndipo pa ili ndilankhula mosapsatira. Chithunzi chomwe mwatumiza chikuoneka ngati kamwana ka black-footed cat komwe takamba pamwambapa. Nkhani yoti mayi ake anakasiya ndi imene ogulitsa onse amanena. Kamphaka kameneka kamabereka ana awiri nthawi zambiri, patatha masiku 63 mpaka 68 a bere, ndipo mayi amawasiya mu una usiku nkupita kosaka, amawasamutsanso pafupipafupi. Munthu akapeza ana ali okha sikuti ndi amasiye, mayi ali pafupi akudikira kuti munthuyo achoke.

Kulera sikungatheke mmene mukuganizira. Sikazolowera anthu ngakhale mutakayamwitsa ndi botolo, kakamakula kamalusa, ndipo mkaka wa ng'ombe ndi chakudya cha amphaka cha m'shopu sizikayanja. Ngakhale kumalo osungira nyama komwe kuli madokotala, timphaka timeneti timavutika ndi matenda a impso otchedwa amyloidosis ndipo ambiri amafa nawo. Mu flat ya ku Rosettenville ana anu adzangokaona kakufooka.

Palinso lamulo. Kali pa Appendix I, gulu lotetezedwa kwambiri pa CITES, mgwirizano wa maiko wokhudza malonda a nyama za kutchire, ndipo kuno ku South Africa ndi nyama yotetezedwa pansi pa lamulo la zachilengedwe la NEMBA la 2004, kukasunga, kukanyamula kapena kukagulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Ife obwera tikudziwa mmene mlandu umodzi umasokonezera mapepala. Chomwe mungachite ndi kudziwitsa a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, a dera lanu kapena a Johannesburg Wildlife Veterinary Hospital, amene amalandira nyama za kutchire za mdziko muno, muwapatse chithunzicho ndi zomwe wogulitsayo wakuuzani. Ana anu mukawatengere mphaka ku SPCA komweko, aliko ambiri osowa pokhala, ndipo mumuchititse opaleshoni yoletsa kubereka.

Kalata ya mayiwa yandikumbutsa chinthu chimene ndinaiwala kuwauza achimwene a thiraki. Chithunzi chanucho mukamachiika pa Facebook musalembe malo enieni, ingonenani kuti Northern Cape basi, komanso dziwani kuti foni imasunga GPS mkati mwa chithunzi, nde musamatumize fayilo yeniyeniyo kwa anthu osawadziwa. Amene akufunika malo enieniwo ndi ofufuza a Black-footed Cat Working Group, omwe amatsata timphaka timeneti cha ku Kimberley ndi De Aar ndipo amasonkhanitsa malipoti a komwe taoneka. Alembereni tsiku, nthawi, ndi nambala ya pa kachikwangwani ka buluu ka m'mbali mwa msewu ngati munaiona pomwe munaima. Ulendo wotsatira mukamadutsa pamenepo usiku muchepetseko liwiro, kakakazi sikapita kutali ndi dera lake, mwina kakadali cha pa waya pomwepo.